Mphunzitsi wa Chingerezi asamagwire yekha

Ukafuna kumuzindikira mphunzitsi wa Chingerezi pasukulu ya kumudzi, yang'ana dzanja lake. Choko chimakhala chitalowa m'zikhadabo, mkono wa malaya uli mbuu ngati wachokera kuchigayo. Mnzake wa masamu amalemba mizere itatu pabolodi n'kutembenuka. Iyeyu amalemba nkhani yonse yoti ana awerenge, ndime ndi ndime, mafunso ake pansi, chifukwa buku lomwe muli nkhaniyo ndi limodzi lokha, lomwe lili m'manja mwakelo. Akamamaliza kulemba, theka la piriyodi lapita. Dzanja limeneli ndi lomwe landilembetsa za anthu awa a m'dera la Ludzi, kuno ku Mchinji.

Katundu amene asenza ndi wolemera. Kuti mwana alandire satifiketi ya MSCE, bungwe la MANEB limafuna kuti akhoze maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo Chingerezi chikhalepo. Mwana atha kuwala pa Biology ndi Agriculture, koma akagwa Chingerezi wagwa zonse. Zotsatira zikatuluka, funso loyamba la makolo limakhala lakuti amaphunzitsa Chingerezi ndani. Chonsecho mwanayo wakula ndi Chichewa, wina ndi Chinsenga cha kumalire kuno, ndipo Chingerezi amakumana nacho m'kalasi mokha. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira, koma amene anaimapo pawindo la Sitandade 5 akudziwa kuti mphunzitsi amanena kamodzi m'Chingerezi, kawiri m'Chichewa. Akapanda kutero ana amangoti maso tong'o.

Ambiri mwa aphunzitsiwa sanasankhe phunziroli, linachita kuwagwera. M'chaka cha 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale, ana anachoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi osaphunzitsidwa zikwizikwi, omwe pambuyo pake anawasula mwachangu kudzera mu pulogalamu ya MIITEP. Mu 1998 sukulu za MCDE zinasanduka ma CDSS, ndipo makalasi ake anadzazidwa ndi aphunzitsi ochokera kupulayimale. Lero odutsa ku Domasi ndi ku Nalikule alipo ochulukirapo, koma munthu wosulidwira Sitandade 3 akupezekabe atanyamula buku la Macbeth kupita ku Fomu 4, akuwerenga usiku ndi tochi ya foni kuti mawa ana asamupose.

Mukakhala nawo pansi pa mtengo nthawi ya buleki, madandaulo awo amafanana ngati anachita kupangana. Wina amati kuchonga ndiko kumapha: chimangirizo chimodzi pa ana 80 ndi sabata yathunthu ya cholembera chofiira, n'chifukwa chake ambiri amapereka chimangirizo kawiri pa teremu. Wina amati nthawi yokumba mtedza ndi yosoka fodya kalasi imatsala theka, ndipo obwerera amafuna uyambirenso. Wina amati buku la The Pearl amalimva bwino, koma alibe womufunsa ngati mmene amamasulira ndi mmene ochonga mayeso amafunira. Dandaulo lomalizali ndi lomwe limandikhudza kwambiri. Pa CDSS yaing'ono mphunzitsi wa Chingerezi amakhala mmodzi kapena awiri. Akalakwitsa katchulidwe ka liwu, amalakwitsa zaka khumi popanda womukonza, ndipo ana onse odutsa m'manja mwake amatuluka nako kulakwako.

Malo okumanirana alipo kale. Kupulayimale zoni iliyonse ili ndi mlangizi wake (PEA) ndi malo ake okumanirako aphunzitsi (TDC), nyumba zomwe zinamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la dziko la Britain. Kusekondale kuli makilasita, magulu a sukulu zoyandikana. A masamu ndi sayansi anapeza pulogalamu ya SMASSE, yomwe dziko la Japan linathandiza. Pulogalamu ya kuwerenga ya 2016 inaitanira aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono ku ma TDC, ndipo anthu anapita.

Anapita chifukwa panali alawansi, ndipo sindikuwaweruza. Mphunzitsi wa kumudzi pofika pa 15 malipiro atha kale: ngongole ya kubanki yadula yake, wakatapila akudikira pachipata, ana ake enieni akufuna fizi. Mukamuuza kuti Lachisanu pali mkumano wa aphunzitsi a Chingerezi pamtunda wa makilomita 20, iye amayamba wawerenga ya kabaza popita ndi pobwera, ya nkhomaliro, ndi ndalama ya ku sukulu ya openi yomwe ataye tsikulo. Nthawi ya dzinja amawerenganso matope. Choncho othandiza akapakira katundu wawo, mikumano imafa, ndipo TDC imasanduka kotengera makalata ndi kosungira mapepala a mayeso. Mgwirizano uliwonse womwe suyamba ndi funso la thiransipoti sudzapitirira mikumano itatu.

Tsidya la malire a Mwami, anzathu a ku Chipata ali ndi SPRINT, dongosolo loti aphunzitsi azikumana pasukulu pawo pomwe, m'kati mwa teremu, kukonzera limodzi phunziro, wina n'kuliphunzitsa anzake akuonerera. Mavuto ali nawo nawonso, koma mfundo yake ndi yabwino: mkumano ukhale pafupi ndipo ukhale mbali ya ntchito.

Ludzi ali ndi poyambira pomwe madera ena alibe. Pamishoni pali parishi, chipatala ndi sukulu ya Ludzi Girls, yomwe masisitere a Charity of Ottawa akhala akuisamala, ndipo njira zambiri za m'derali zimathera pamenepo. Aphunzitsi a sukulu yogonera ngati imeneyi ndi a ma CDSS ozungulira amaphunzitsa silabasi imodzi, ana awo amalemba pepala limodzi tsiku limodzi. Atakumana kawiri pa teremu, mosinthana sukulu kuti ulendo usamagwere anthu omwewo, zambiri zingasinthe. Amene anapitako kokachonga mayeso a MANEB afotokozere anzake pomwe ana amataya malikisi. Mabokosi a mabuku azizungulira pa njinga. Mphunzitsi wa Sitandade 8 akhale pabenchi limodzi ndi wa Fomu 1, asiye kulozana zala za amene anawononga mwana. Gulu la WhatsApp lithandize pakati pa mikumano, ngakhale bandulo nayo ndi ndalama ndipo netiweki imafuna kukwera pachulu.

Inu a ofesi ya maphunziro ku Mchinji ndi a Central West Education Division, ikani tsiku la aphunzitsi a Chingerezi pakalendala ya teremu. Inu ahedi ndi makomiti a sukulu, patulani ndalama ya kabaza ya mphunzitsi wanu wa Chingerezi teremu isanayambe.