Amayi nawo agwira mahandulo

Kwa zaka zambiri, malo a mayi panjinga yamoto akhala ali kumbuyo, atakhala cham'mbali, dzanja lina litagwira chitenje, lina litagwira kaliyala. Lero ena asendera kutsogolo. Koma kodi mantha a tsiku loyamba amatha bwanji? MTOLANKHANI WATHU akulongosola.

Mukaima kwa kanthawi pamsika wa Chinsapo ku Lilongwe, pa Bangwe ku Blantyre kapena pa Chibavi ku Mzuzu n'kuyamba kuwerenga njinga zamoto zodutsa, zala zikutherani msangamsanga. Koma mukati muwerenge zokhazo zomwe akuyendetsa ndi mayi, mudikira ndithu.

Chonsecho pampando wakumbuyo amayi sasowapo: wopita kusikelo, wokapikula tomato, wothamangira kuntchito. Phokoso la njinga ndi kugwedeza kwake amakudziwa bwino, koma mahandulo sadawagwireko.

Komatu zinthu zayamba kusintha. M'misewu yafumbi ya m'maboma tsopano mutha kukumana ndi mlangizi wa zaumoyo wachizimayi atamangirira bokosi la katemera kumbuyo, kapena mlangizi wa zaulimi akuthamangira kumsonkhano wa kalabu ya alimi. Anthu amatembenukabe kumuyang'ana, ana amamuthamangirabe, koma iye ulendo uli m'kati.

Buluku ndi lamulo

Kuti timvetse chomwe amayi adachedwera, tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'chaka cha 1973, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo la kavalidwe lotchedwa Decency in Dress Act, lomwe lidaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi pagulu. Lamuloli lidachotsedwa m'chaka cha 1993, chaka chomwe Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri.

Kwa zaka 20 zimenezo, chovala chomwe chimalola munthu kukhala bwino motangadza panjinga chidali mlandu kwa mayi. Ndipo lamulo litachoka m'mabuku, m'mitu ya ena lidatsalira. Mu Januwale 2012, mavenda ena ku Lilongwe ndi Blantyre adavula amayi pamsewu kaamba kovala mabuluku, mpaka amayi adachita msonkhano waukulu wodzudzula mchitidwewu ku Blantyre. Joyce Banda, yemwe panthawiyo adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, adali nawo pamsonkhanowo.

Nayo njinga yamoto sidali ya aliyense. M'zaka za m'ma 2000, munthu akati kabaza ankanena njinga yakapalasa. Yamoto, monga Yamaha AG kapena Honda XL, idali ya alangizi, abusa ndi ogwira ntchito m'mabungwe, ndipo ambiri mwa iwo adali abambo. M'zaka za m'ma 2010 ndi pomwe njinga zotsikirako mtengo monga Lifo, Lifan ndi King Lion zidasefukira m'dziko muno, n'kufika mpaka kumidzi komwe minibasi safika.

Ntchito ili kumudzi

Kwa amayi ambiri, chowakankhira kumahandulo ndi ntchito. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumudzi. Ntchito za zaumoyo, ulimi, ngongole zing'onozing'ono ndi chitukuko zili komweko, komwe msewu wa tala uli kutali ndipo nthawi ya dzinja galimoto imatitimira.

Mwachitsanzo, m'zaka za m'ma 2010 bungwe la Riders for Health lidafalitsa ntchito yonyamula magazi ndi makhololo okayezedwa panjinga zamoto, kuchoka m'zipatala zing'onozing'ono kupita kumalabotale a m'zipatala zikuluzikulu. Ntchito ngati imeneyi imafuna munthu wosunga nthawi, wosamala ndi wodziwa kuyendetsa. Pazitatuzi palibe chomwe chimafuna ndevu.

Mukawerenganso zotsatsa ntchito za kumudzi m'nyuzipepala, kawirikawiri pamakhala mzere woti wofunsira akhale ndi chiphaso choyendetsera njinga yamoto. Mtsikana wa dipuloma yabwino amatha kugwa pamzere umenewu, ntchito n'kupita kwa mnyamata yemwe ankamuposa m'kalasi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 mwa 100 alionse. Koma lamulo silingakwerere munthu njinga.

Tsiku loyamba

Wophunzira aliyense amayamba ndi chisokonezo chimodzimodzi: manja awiri ndi mapazi awiri, chilichonse ndi ntchito yakeyake. Dzanja lamanzere limagwira kilachi. Lamanja limapatsa moto komanso limagwira buleki yakutsogolo. Phazi lamanzere limasintha magiya, pomwe lamanja limaponda buleki yakumbuyo.

Vuto loyamba limakhala pakilachi. Ukaisiya mwadzidzidzi, njinga imadumpha ngati thole lolumidwa ndi mavu, apo ayi imangozima. Chinsinsi n'kuisiya pang'onopang'ono mpaka utamva njinga ikufuna kusuntha, n'kuonjezera moto pang'ono chabe. Palibe amabadwa akudziwa zimenezi. Anyamata a kabaza omwe lero amasintha magiya uku akuyankha foni nawonso njinga idawazimirapo.

Kusiyana kwake n'koti mnyamata ikamuzimira, anzake amaseka n'kuiwala. Mayi ikamuzimira pabwalo la mpira pomwe anthu adzadza kudzaonerera, kulakwitsa kwakeko kumasanduka umboni woti amayi onse sangathe. Ichi n'chifukwa chake amayi ambiri amaphunzira msanga akakhala pagulu la amayi anzawo, kapena m'mamawa pabwalo pasadadzadze.

Vuto lachiwiri ndi maso. Wophunzira amayang'ana tayala lakutsogolo, kapena mwala womwe akuuopa, ndipo njinga imalunjika pamwala pomwepo. Njinga imapita komwe maso akuyang'ana. Wofuna kukhota ayenera kutembenuza mutu n'kuyang'ana komwe akufuna kukafika.

Nanga kulemera?

Mawu omwe amabweza amayi ambiri ndi oti njinga yamoto ndi yolemera, imafuna mphamvu za mwamuna. N'zoona kuti njinga ya 125cc imapitirira makilogalamu 100, kuposa matumba awiri a chimanga. Koma ikayamba kuyenda imadziimika yokha. Kulemera kumamveka poikankha, poiimika ndi poidzutsa ikagwa.

Ndipo ngakhale kuidzutsa kuli ndi njira yake. Umazimitsa injini, kuonetsetsa kuti ili m'giya kuti isathawe, kufulatira mpando, kugwira handulo yomwe ili pansi ndi chitsulo chakumbuyo, kenaka n'kukankha ndi miyendo, osati msana. Mayi yemwe amasenza ndowa ya malita 20 kuchokera kumjigo, mwana ali kumbuyo, sangalephere zimenezi akaonetsedwa.

Chofunika kwambiri n'choti mapazi azifika pansi munthu atakhala pampando. Njinga zina za m'mabungwe ndi zazitali, ndipo wophunzira wamfupi ndi bwino ayambire pa yaifupi.

Palinso mphekesera yoti njinga yamoto imaononga chiberekero, mayi osaberekanso. Palibe umboni wa zachipatala wa zimenezi, ndipo chodabwitsa n'choti mphekeserayi siikhudza amayi omwe amakwera kumbuyo tsiku ndi tsiku pamsewu womwewo. Woyembekezera yekha ndiye ayenera kufunsa kusikelo, chifukwa kwa iye kugwa kumakhudza miyoyo iwiri.

Ofuna chitsanzo chakale angakumbukire amayi awiri a ku Britain, Theresa Wallach ndi Florence Blenkiron, omwe adanyamuka ku London mu Disembala 1934 panjinga yamoto ya Panther yokhala ndi kangolo pambali, n'kudutsa chipululu cha Sahara mpaka kukafika ku Cape Town mu Julaye 1935.

Kulimba mtima kwabodza

Pali kulimba mtima kwina komwe kumapha. Munthu amaphunzira madzulo amodzi kwa mlamu wake wa kabaza, azungulira bwalo katatu osagwa, mawa lake ali pamsewu wa M1 pakati pa mathiraki. Kuyenda wadziwa, koma kuima sadadziwe.

Patala, buleki yakutsogolo ndi yomwe ili ndi mphamvu zambiri zoimitsira njinga, ndipo iyenera kugwiritsidwa ntchito pamodzi ndi yakumbuyo, mofinya pang'onopang'ono. Koma pamchenga, pamatope kapena pokhota, kuikoka mwamphamvu kumatereretsa tayala, munthu n'kupezeka ali pansi. Izi zimafuna kuyeserera kambirimbiri pamalo opanda magalimoto, mpaka dzanja litazolowera kuchita lokha mtima ukadumpha.

Zotsatira za kusaphunzira zimaoneka m'mawodi a othyoka mafupa kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe madotolo akhala akudandaula za kuchuluka kwa ovulala pangozi za njinga za kabaza. Mayi wongoyamba kumene asatengere chitsanzo pa oyendetsa omwe amanyamula anthu atatu, kudutsa maloboti ofiira ndi kupita kumanzere kwa minibasi yomwe ikutsitsa anthu.

Chipewa nacho si nkhani yokambirana. Malamulo a pamsewu amafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale, ndipo kafukufuku yemwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lakhala likumutchula adaonetsa kuti chipewa chovala bwino chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndi cha kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Amayi ena amachikana poopa kuononga tsitsi lomwe angomangitsa kumene. Tsitsi limamangidwanso kusaluni, koma chigaza ayi. Ndipo chipewa chosamanga lamba wa pachibwano chimavuka munthu asadafike pansi.

Chitenje cholendewera ndi mdani wina, chifukwa chimakodwa m'tcheni kapena m'masipoko. Patapata amaterereka pagiya, ndipo ekizozi yotentha yasiya zipsera pakatumba ka amayi ambiri. Buluku lolimba, nsapato yotseka ndi jekete ndiye zovala za ntchitoyi. Wofuna ulemu wa kumudzi atha kupinda chitenje m'chikwama n'kudzamangira akatsika, asadalowe pabwalo la mfumu.

Chiphaso m'thumba

Ziphaso zimaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za pamsewu, Directorate of Road Traffic and Safety Services, yomwe anthu amangoti ku Road Traffic. Chiphaso cha A1 ndi cha njinga zosapitirira 125cc, pomwe cha A ndi cha zazikulu kuposa apo. Munthu amayamba walemba mayeso a malamulo ndi zikwangwani za pamsewu kuti apeze chiphaso chophunzirira, kenaka amayesedwa kuyendetsa kwenikweniko. Njinga nayo iyenera kukhala yolembetsedwa komanso ya inshuwalansi.

Ambiri amaona ngati kutaya ndalama, koma mayi yemwe ali ndi mapepala okwanira safunafuna njira zachidule akaona apolisi apamsewu, ndipo chiphasocho n'chomwe olemba ntchito amafuna kuona.

Chomaliza n'kuidziwa njingayo. Kuona oilo, mpweya wa m'matayala, kulimba kwa tcheni, mabuleki ndi magetsi m'mawa uliwonse kumatenga mphindi zochepa. Mayi wodziwa kutsuka pulagi ndi kumanga tcheni saopa kuferedwa njinga pakati pa dambo, ndipo makaniko sangamunamize kuti injini yonse yatha.

Mantha sachoka tsiku limodzi. Amachepa tsiku lomwe njinga yanyamuka osazima, amachepanso tsiku lomwe wadutsa pamchenga osaponda pansi, kenaka tsiku lomwe waima bwinobwino mbuzi itadumphira mumsewu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa abambo, ntchito yawo ndi yochepa: kubwereketsa njinga, kuphunzitsa mosakalipa, ndi kupatsa mpata pamsewu m'malo moliza huta kumbuyo kwa wophunzira. Mwina mawa wofika msanga ndi katemera wa mwana wanu, mvula itadula msewu, adzakhala mayi yemweyo mudamuseka pabwalo la mpira.