Manda a Thornton ku Kapichira

M'mizinda yathu muli zipilala zimene akuluakulu amakaikapo nkhata za maluwa, monga nsanja ya ku Zomba yokumbukira asilikali a King's African Rifles. Koma chikumbutso chimene tichichezere lero chili kutali ndi mzinda, m'boma la Chikwawa, pafupi ndi mathithi a Kapichira pamene Shire amatsikira m'chigwa.

Kumeneko anaikidwa Richard Thornton, mnyamata wa ku England wodziwa za miyala. Iye anabwera ndi David Livingstone mu 1858, koma mu 1859 Livingstone anamuchotsa ntchito pomunena kuti ndi waulesi, chonsecho mwana wa eniyo ankadwala.

Thornton sanasunge mangawa. Atayendera phiri la Kilimanjaro mu 1861, anabwerera ku Shire. Mu 1863 anapeza chigwa chonse chili pa njala yoopsa chifukwa cha chilala ndi nkhondo za ogwira akapolo. Amishoni a UMCA amene ankakhala kwa Chibisa anali atafooka, ndipo Bishopu Charles Mackenzie anali atamwalira kale mu 1862. Thornton anayenda wapansi, pamodzi ndi Mbusa Henry Rowley, mpaka ku Tete kukagula mbuzi ndi nkhosa zoti anzakewo adye. Anabwerako atatheratu, ndipo malungo ndi kamwazi zinamutenga pa 21 Epulo 1863, ali ndi zaka 25.

Taonani, amene anatchedwa waulesi ndiye anafera ulendo wodyetsa anjala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi angati amene tinawachotsa m'makomiti a mpingo, kapena m'mitima yathu, tisanafunse chimene chinkawasautsa?

Komanso mukaima pamandapo, kumbukirani Amang'anja osawerengeka amene anafa ndi njala yomweyo. Iwo alibe chipilala ngakhale dzina lolembedwa pa mwala, koma Mulungu sanaiwale ndi mmodzi yemwe.

Pa Yoswa 4 timamva kuti Aisraeli anaimika miyala 12 yochokera mu Yordano kuti ana akadzafunsa, makolo adzawayankhe. Chipilala chopanda wofotokoza ndi mwala chabe. Choncho mukadzatsikira ku Majete kukaona nyama, tengani ana anu, muwasonyeze mandawo, ndipo muwauze nkhani zonse ziwiri: ya mlendo amene ali ndi dzina, ndi ya eni nthaka amene alibe.

Ambuye atiphunzitse kuchedwa kuweruza ndi kufulumira kudyetsa anjala. Ameni.