Nambala ya pa filimu imayankha funso liti?

Ntchito yanga ndi younika mafilimu, ndipo funso limene anthu amatifunsa kawirikawiri ndi lakuti filimu yakutiyakuti ndi yabwino kapena ayi. Masiku ano ambiri sadikiranso yankho lathu. Foni zafika paliponse, moti ngakhale ku Lungwena, pamsewu wa ku Makanjira, mnyamata amene mchimwene wake anamutumizira foni kuchokera ku Joni amatha kulemba dzina la filimu pa intaneti n'kuona nambala pambali pake: 7.5, kapena 85 peresenti, kapena 16. Nambalayo amailandira ngati chigamulo cha khoti. Ine ndikuti mwa nambala zonsezi palibe imene imanena kuti filimu ndi yoyenera nthawi yanu ndi ndalama yanu. Iliyonse ili ndi funso lakelake laling'ono limene imayankha, ndipo imathandiza munthu yekhayo amene akulidziwa funsolo.

Nambala ya zaka ndiyo yofunika kuposa zonse, komanso ndiyo imene timainyalanyaza kwambiri. Ku America njira yoika mafilimu m'magulu a zaka inayamba mu 1968, ndipo chizindikiro cha PG-13 chinawonjezedwa mu 1984. Ku South Africa ntchitoyi imagwiridwa ndi bungwe la Film and Publication Board, ndipo amene amaonera DStv amadziwa manambala a 13, 16 ndi 18 otsatana ndi zilembo: V kuchenjeza za chiwawa, L za kutukwana, S zogonana, N umaliseche. Kuno kwathu lamulo la Censorship and Control of Entertainments, limene linabweretsa Censorship Board, nalonso ndi la 1968. Anthu oika manambalawa safunsidwa ngati filimuyo ikukoma. Amangonena zimene zilimo ndi msinkhu woyenera kuziona. Filimu ya 18 ikhoza kukhala yachabechabe, ndipo ya ana ikhoza kukhala yaluso lapamwamba. Chondidetsa nkhawa n'chakuti filimu ikadutsa kobena n'kulowa mu memori khadi kapena mu flashi, chenjezoli kawirikawiri limatsala m'njira. Pofika m'chisakasa cha vidiyo, mwana wa sitandade 3 amakhala benchi imodzi ndi msodzi wandevu, onse maso ali pa chinthu chimodzi.

Manambala a kukoma kwa filimu ali ndi mapangidwe ena. Tsamba la Rotten Tomatoes, limene linayamba mu 1998, limatenga zolemba za akatswiri ounika mafilimu n'kugawa chilichonse pawiri pokha: wayamikira kapena sanayamikire. Kenaka limawerenga kuti pa 100 aliwonse oyamikira ndi angati, ndipo akafika 60 filimuyo imaikidwa mbali ya zabwino. Taganizirani zotsatira zake. Akatswiri onse atati filimu ndi yabwinoko pang'ono, yongoonereka, imapeza 100 peresenti. Filimu ina imene yagwira mtima kwambiri akatswiri 60 koma n'kukwiyitsa 40 imapeza 60 yokha, chonsecho mwina ndiyo imene anthu adzaikumbukire zaka zambiri. Nambalayi imayeza kugwirizana kwa akatswiri, siyeza kukula kwa luso. Ili ngati chidebe cha pa gombe, chimene chimakuuzani kuchuluka kwa usipa koma osakuuzani ngati ndi wa lero kapena wogona. Tsamba la IMDb limachita zosiyana: aliyense amene analembetsa amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 10, ndipo eni tsambalo amasakaniza mavotiwo m'njira imene saiulula yonse, poopa anthu achinyengo. Chinyengocho chilipodi. Mu 2019 anthu anakhamukira pa Rotten Tomatoes kukanyoza filimu ya Captain Marvel isanatuluke n'komwe, mpaka eni tsambalo anasintha malamulo a mavoti a anthu wamba.

Ngakhale pasakhale chinyengo, funso lalikulu limatsala: akuvota ndani? Ambiri ndi anthu a ku America, ku Ulaya ndi ku India, okhala ndi intaneti ya tsiku lililonse. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, imene Chiwetel Ejiofor anapanga pa nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, inayamikiridwa ndi akatswiri oposa 80 pa 100 aliwonse, ndipo m'njira zambiri inayenera kuyamikiridwa. Koma Amalawi ambiri atayionera anadandaula kuti Chichewa cha ochita zisudzo ena akunja chinali chovuta kumva. Katswiri wa ku London sakanamva vuto limeneli, chifukwa iye ankawerenga mawu a Chingelezi m'munsi mwa kanema. Sananame, ananena zimene makutu ake anatha kumva. Nambalayo inatuluka yopanda khutu la Mmalawi, pa filimu yonena za Amalawi.

Apa ndi pamene munthu wa ku Lungwena ayenera kuzindikira mphamvu imene ali nayo. Shemu Joyah anatulutsa The Last Fishing Boat mu 2012, nkhani ya msodzi wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi amene nsomba zikumuthera m'madzi pamene alendo okaona malo akusintha moyo wa pakhomo pake. Mu 2013 filimuyi inalandira mphoto ya Africa Movie Academy Awards, ndipo mphotoyo inali ya nyimbo za m'filimumo. Mphoto nayonso imayankha funso lake lokha. Koma ngati bambo wotere angayankhule chonchi kwa mwana wake, ngati mayi wa pa mitala angapirire kapena kupanduka motere, ngati bwato likukankhidwa monga amakankhira anthu a kunyanja, woweruza wabwino ndi amene amadzuka usiku kukakoka khoka. Ntchito ya ife ounika mafilimu ilibe chinsinsi choposa pamenepa. Timafunsa ngati zochita za anthu a m'filimu zikuchokera mu khalidwe limene wopanga watisonyeza, kapena zangochitika chifukwa nkhani inafuna pothera. Timayang'ananso ngati chithunzi ndi mawu zikufotokoza nkhani pazokha, mwakuti mutatseka makutu mungatsatirebe. Chimene timaposa ena n'chakuti taonera mafilimu ambiri ndipo tili ndi poyerekezera.

Ena anganene kuti kukoma kwa filimu ndi nkhani ya mumtima, aliyense ndi chake, choncho kuunika n'kutaya nthawi. Zoona zilimo. Palibe amene angalamule munthu kukonda filimu ya ku India kuposa ya ku Nigeria. Koma kukonda ndi kupangidwa bwino ndi zinthu ziwiri, ndipo oonera vidiyo amadziwa zimenezi. Akamati mwini filimu safa, akusonyeza kuti aona chizolowezi cha opanga, ndipo amadandaula iye akapulumuka m'njira yosamveka. Kumeneko n'kuunika kale. Enanso amati chigamulo chenicheni ndi khamu: chisakasa chikadzaza, filimuyo ndi yabwino. Khamu limasonyeza kuti chithunzi cha pakhomo chinakopa, kapena kuti usiku umenewo kunalibe kwina kopita. Pali chinanso chimene manambala akunja sangachiyeze. Mafilimu ambiri amafika kwathu atamasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata amene amawonjezera nthabwala, kupatsa anthu mayina atsopano, nthawi zina kusintha nkhani yeniyeniyo. Womasulira waluso amadzutsa filimu yozizira, wosasamala amaononga yabwino. Malikisi a IMDb anaperekedwa pa filimu ina, osati imene ikumveka pa sipika ku Lungwena, ndipo oonera amene amafunsa kaye kuti wamasulira ndani akufunsa funso loyenera.

Sindikunena kuti manambala atayidwe. Filimu imene anthu zikwi zambiri aipatsa 3 pa 10 nthawi zambiri imakhaladi ndi vuto, ndipo kudziwiratu kumapulumutsa bandulo ndi batire. Koma musanakhulupirire nambala, onani kuti avota ndi angati, chifukwa filimu ya ku Malawi imatha kukhala ndi mavoti ochepa kwambiri, okwezedwa kapena kutsitsidwa ndi anthu owerengeka. Werengani zifukwa zimene wounika wapereka, poti zifukwa mungazitsutse. Ndipo musadikire manambala kuti muone mafilimu athu. Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula inapambana pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016, The Road to Sunrise ya Joyah inapambana komweko mu 2018, ndipo Fatsani ya Gift Sukez Sukali inatumizidwa kukaimira Malawi ku mpikisano wa Oscar. Afunseni eni vidiyo ndi obena kuti akupezereni mafilimu amenewa m'njira yoti opanga ake apindule. Inunso eni vidiyo a ku Lungwena, Malindi mpaka Makanjira, polemba dzina la filimu ndi nthawi pa bolodi la pakhomo, lembaninso zaka zoyenera, ndipo mwana wosafika zakazo mubwezeni pakhomo pomwepo.