Njinga yamoto ikamazima panjira, tsatirani petulo

Amene mumayendera njinga zamoto zakale kuno ku Maramba, vuto ili mumalidziwa. M'mawa njinga yalira bwinobwino, mwanyamuka, koma musanafike n'kwa Mukuni komwe yayamba kutsamwa, kenako zii. Mwaima pang'ono, mwaponda kiki, yalira. Mwayenda pang'ono, yazimanso. Ambiri amafulumira kunena kuti kabuleta yatha n'kukagula ina. Kawirikawiri ndalamayo imapita pacabe, cifukwa cotsekereza cimakhala kumtunda, m'njira imene petulo amadutsa asanafike m'kabuletamo.

Njinga monga Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975, kapena Yamaha AG100 ndi AG200 zodziwika m'misewu ya kumidzi, zilibe pampu ya petulo. Thanki ili pamwamba, injini ili pansi, ndipo petulo amatsika yekha. Conco pofufuza, nanunso yambirani pamwamba. Citani zimenezi panja, injini itazizira, kutali ndi mbaula kapena munthu wosuta fodya.

Coyamba ndi cotsekera ca thanki. Cili ndi kabowo kolowetsa mpweya, ndipo fumbi la mu September ndi October silicedwa kukatseka. Mpweya ukapanda kulowa, petulo satsika, monga mmene madzi amakanira kucoka m'kapaipi kamene mwatseka kumwamba ndi cala. Njinga ikazima, tsegulani cotsekeraco. Mukamva mpweya ukulowa kuti fuu, njinga n'kulira n'kumapita, vuto mwalipeza, ndipo simulipira ngakhale ngwee imodzi.

Kenako bwerani pa kampopi kolembedwa ON, OFF ndi RES. Katsekeni, solani paipi pamene yalowera ku kabuleta, ilozetseni m'botolo loyera loonekera mkati, ndiyeno tsegulani. Petulo ayenera kutsika mosadukiza. Akamangodontha, ndiye kuti kasefa ka m'thanki, kamene kali pamwamba pa kampopiko, kadzaza dzimbiri, kapena paipi yakalamba n'kupindika.

Botolo lija musafulumire kulikhuthula. Liimikeni kamphindi, muone pansi pake. Madzi ndi olemera kuposa petulo, conco amakhazikika pansi ngati dontho lalikulu lowala. M'thanki amacitanso cimodzimodzi, ndipo RES imatunga petulo pansi penipeni. N'cifukwa cake njinga imene imayenda bwino pa ON koma n'kuyamba kutsokomola mukangoika pa RES imakhala ikukuuzani kuti pansi pa thanki pali madzi kapena matope. Madziwo amalowa ndi mvula ikayamba mu November ngati labala ya cotsekera yatha, amapangika okha ngati mame m'thanki yokhalitsa ilibe kanthu, ndipo nthawi zina timacita kuwagula. Malo omwetsera mafuta amapatsidwa cilolezo ndi Energy Regulation Board, pamene petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu palibe amamuyeza. Ndidziwa kuti munthu amene wanyamula wodwala kumidzi ya ca ku Kazungula alibe kocitira mwina. Komabe nsalu yoyera yosefera imagwira mcenga okha, madzi amadutsa. Ndi bwino kumuimika petuloyo m'botolo n'kusiya wapansiyo.

Petulo akamafika bwino ndi pamene tigwira kabuleta. Pansi pake pali kambale kosungira petulo, ndipo kali ndi sikuluwu yokhetsera. Imasuleni pang'ono, madzi ndi zinyalala zituluke. Njinga zambiri zimacira pomwepo. Ngati petulo akungotayika pansi pa kabuleta, kasingano kotseka kambaleko kagwidwa ndi kacitsotso, ndipo kugogoda pang'ono ndi cigwiriro ca sikuludiraiva nthawi zina kumakamasula.

M'kati muli majeti awiri ofunika. Yaing'ono imadyetsa injini njinga ikamalira itaima, yaikulu imagwira nchito mukakoka moto. Njinga imene imazima mukangosiya moto, kapena imangolira choki itakokedwa, yatsekeka jeti yaing'ono, makamaka ngati yakhala miyezi osayenda petulo n'kuumiramo. Imene imalira bwino itaima koma n'kutsamwa pa citunda, kaikirani yaikulu. Tsukani ndi petulo woyera n'kupemerera ndi pampu ya njinga yakapalasa. Singano kapena waya ayi ndithu: jeti ndi yamkuwa wofewa, bowo likakula njinga imayamba kumwa petulo ngati ng'ombe yaludzu, ndipo silibwereranso. Kuyamwa paipi ndi pakamwa, kumene anyamata ena amaonetsera ukatswiri, n'koopsa, cifukwa petulo akalowa m'mapapo amavulaza.

Zonsezi zikakhala bwino koma njinga n'kukanabe, pondani kiki kangapo n'kumasula pulagi. Ikatuluka youma, petulo sakufika m'injini, ndiye bwereraninso ku kabuleta. Ikatuluka yonyowa, petulo akufika, ndipo makanika mukamuuze kuti ayambire ku magetsi.