Mantha ndi Kumenyana kwa Ziweto: Momwe Zimafooketsera Chitetezo cha M'thupi

Alangizi ambiri amalandira madandaulo akuti ziweto zogula kumene zafa patangopita masiku ochepa, chonsecho zinafika zooneka zathanzi. Kawirikawiri mlimi amaloza chala katemera kapena kumene anagula. Koma kafukufuku waonetsa kuti mantha, kutopa ndi kumenyana zimafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo matenda amapezerapo mpata.

Zimene zimachitika m'thupi

Chiweto chikaopsezedwa, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pafupi ndi impso. Tiziwaloti timatulutsa homoni yotchedwa cortisol mu ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, ndipo mu nkhuku ndi corticosterone. Homoniyi imaonjezera shuga m'magazi kuti chiweto chithe kuthawa kapena kulimbana ndi mdani. Zikakhala za kanthawi kochepa palibe vuto. Koma zikapitirira kwa masiku, maselo oyera a m'magazi amene amapanga asilikali olimbana ndi matenda amachepa. M'chaka cha 1936, Hans Selye wa ku yunivesite ya McGill ku Canada anaona kuti makoswe ozunzika nthawi yaitali ziwalo zao zoteteza thupi zimafota.

Umboni wa nkhuku

Nkhuku za m'khola limodzi zimadziwana kuti wamkulu ndani, monga anafotokozera Thorleif Schjelderup-Ebbe wa ku Norway mu 1922. Mukalowa nkhuku yachilendo, kujomphana kumayambiranso mpaka ukulu utadziwika. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, W.B. Gross ndi P.B. Siegel a ku Virginia, m'dziko la America, ankasamutsa nkhuku kuchoka m'gulu lina kupita m'gulu lina. Iwo anapeza kuti nkhuku zoterezi zimapanga asilikali ochepa, ndipo sizilimba ku matenda ena monga a Marek.

Phunziroli ndi lofunika kuno kwathu. Kwa zaka zambiri alimi a m'Malawi analandira nkhuku za Mikolongwe, za mtundu wa Black Australorp, zili ndi masabata 6 okha. Mwanapiye wotere amayenda mtunda wautali padzuwa, kenaka n'kutayidwa pakati pa nkhuku zachikuda zimene zimamujompha ndi kumuthamangitsa pa chakudya. Chitopa chikabwera, makamaka m'miyezi yotentha, chimapeza thupi lofooka kale.

Nkhumba ndi ng'ombe

Nkhumba zosadziwana zikaikidwa m'khola limodzi zimalumana kwambiri tsiku loyamba ndi lachiwiri. Zogonja zimadya pang'ono, ndipo mabala ake amakhala khomo la tizilombo. Mu ng'ombe, kachilombo ka Mannheimia haemolytica kamakhala m'mphuno popanda kudwalitsa. Ng'ombe ikatopa ndi ulendo wa pa lole, kachilomboka kamaswana n'kutsikira m'mapapo, ndipo chibayo chimayamba.

Zoyenera kulangiza alimi

1. Ziweto zatsopano zikhale pazokha kwa masabata osachepera 2 zisanasakanizidwe ndi zakale.
2. Sakanizani ziweto zofanana msinkhu, ndipo musazisinthesinthe makola popanda chifukwa.
3. Ikani modyera ndi momwera mokwanira kuti zofooka nazo zipeze malo.
4. Nyamulani ziweto m'mamawa kapena madzulo, mosazithinitsa, ndipo zikafika zipatseni madzi ndi mthunzi.
5. Musaphatikize ulendo, kuthena ndi katemera tsiku limodzi.
6. Katemera wa chitopa wa I-2, wodontheza m'diso, aperekedwe miyezi 4 iliyonse kwa nkhuku zosadwala. Chitetezo chake chimakhwima pakapita sabata imodzi kapena ziwiri.

Alangizi akumbukire kuti khola labata sililowa m'malo mwa katemera. Matenda ena, monga chigodola cha nkhumba, amapha ngakhale nkhumba zosamalidwa bwino, kotero malamulo oletsa kuyendetsa ziweto nthawi ya mliri ayenera kutsatidwa. Komabe poyendera mlimi, musanafunse za mankhwala, yambani mwaona nthenga zothothoka, makutu olumidwa ndi chiweto chodzipatula pakona. Zizindikiro zimenezi zimaoneka matenda asanafike.