Kusefa makalata a imelo asanafike mu ofesi

Ntchito zambiri za chitukuko m'boma lathu lino zikuyenda pa imelo masiku ano. Makontrakitala amatumiza mitengo ya ntchito yomanga midadada ya sukulu ndi milatho, makopaletivi a alimi amakambirana ndi ogula soya ndi mtedza, mabungwe omwe si aboma amatumiza malipoti kwa amene amawathandiza ndi ndalama, ndipo maofesi a khonsolo amalandira malangizo ochokera ku Lilongwe. Komatu m'bokosi momwemo mofikira makalata ofunikawa mumagweranso zinyalala: makalata otsatsa mankhwala osadziwika, ena onena kuti mwapambana mphoto pa mpikisano umene simunalowe nawo, enanso onamizira kuti achokera ku banki yanu. Makampani ofufuza za chitetezo cha pa intaneti, monga Kaspersky, akhala akupeza kuti pafupifupi theka la maimelo onse otumizidwa pa dziko lapansi ndi amtundu umenewu.

Makalata oterewa amatchedwa spam. Dzinali ndi la nyama ya m'chitini imene kampani ya Hormel ya ku America inayamba kugulitsa mu 1937. Mu 1970 gulu la zisudzo la ku Britain lotchedwa Monty Python linachita sewero limene dzina la nyamayi linkabwerezedwa mpaka kugonthetsa m'khutu, ndipo anthu a makompyuta anatengera pamenepo. Kalata yoyamba yodziwika ya mtunduwu inatumizidwa pa 3 Meyi 1978 ndi Gary Thuerk, wotsatsa malonda wa kampani ya Digital Equipment Corporation, kwa anthu pafupifupi 400 pa ARPANET, kholo la intaneti ya lero. Nthawi imeneyo anthu anangonyansidwa nazo. Lero nkhani yake ndi ya kuba ndalama.

Kusinja pakhomo kapena kupita ku chigayo

Ofesi imene ili ndi imelo ya dzina lakelake, monga yothera ndi .mw, ili ndi njira ziwiri zothanirana ndi zinyalalazi. Ikhoza kuika pulogalamu kapena makina osefera pa seva yake, n'kukhala ndi katswiri woziyang'anira usana ndi usiku. Kapena ikhoza kulipira kampani ina kuti izisefa makalatawo pa makompyuta ake asanafike n'komwe mu ofesimo. Kusiyana kwake kuli ngati kwa mtondo ndi chigayo: ku chigayo simugula injini kapena kuikonza ikawonongeka, mumangolipira pa ndowa iliyonse.

Njira yachiwiriyi inayamba kufala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kampani ya Postini, imene inakhazikitsidwa mu 1999 ku California, inagulidwa ndi Google mu 2007 pa mtengo wa madola 625 miliyoni. Microsoft inagula FrontBridge mu 2005, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inadzasanduka Exchange Online Protection. Symantec nayo inagula MessageLabs ya ku Britain mu 2008. Mimecast, imene ikudziwika kwambiri kum'mwera kwa Africa kuno, anaiyambitsa ku London mu 2003 ndi amuna awiri a ku South Africa, Peter Bauer ndi Neil Murray. Ena otchuka pa ntchitoyi ndi Proofpoint ndi Barracuda.

Kodi kalata yolembera inu imapatuka bwanji n'kuyamba yafika kwa iwowo? Dzina lililonse la pa intaneti lili ndi kaundula wake wotchedwa DNS, ndipo m'kaundulamo muli mzere wotchedwa MX, umene umauza dziko lonse kumene makalata a dzinalo ayenera kukasiyidwa. Mukalembetsa ku kampani yosefa, mzere umodzi wokhawo ndi umene umasinthidwa kuti uloze ku makompyuta awo. Adiresi yanu siisintha, ndipo okulemberani sazindikira kanthu. Kalata imafika kwa osefa, amaiunika kwa masekondi ochepa, ndipo ikapezeka yabwino amaipititsa ku seva yanu. Pali chinthu chimodzi chimene oika dongosololi amaiwala kawirikawiri: seva ya mu ofesi iyenera kuuzidwa kuti izilandira makalata ochokera kwa osefawo basi. Kupanda kutero, akuba amangolambalala n'kukagogoda pa seva mwachindunji, monga munthu wolowera kuseri kwa mpanda alonda ali pachipata.

Zimene sefayo imayang'ana

Kusefa sikuchitika kamodzi. Choyamba amayang'ana kompyuta imene ikutumiza kalatayo, asanawerenge ngakhale liwu limodzi la m'katimo. Pali mindandanda ya makompyuta odziwika ndi khalidwe loipa. Wodziwika kwambiri ndi wa bungwe la Spamhaus, limene Steve Linford analiyambitsa mu 1998. Kompyuta ikapezeka pa mndandanda wotere, kalata yake imakanidwa pakhomo pomwepo. Zinyalala zochuluka zimathera pa gawo limeneli.

Kenako amafunsa ngati wotumizayo alidi amene akudzitcha. Imelo inapangidwa m'nthawi imene ogwiritsa ntchito anali ochepa ndi okhulupirirana, motero munthu akhoza kulemba dzina lililonse pamalo a wotumiza, monga mmene mungalembere adiresi yabodza kuseri kwa envulopu. Pofuna kutseka mpata umenewu panabwera njira zitatu. SPF ndi mndandanda umene mwini dzina amalengeza wa makompyuta ololedwa kutumiza makalata m'dzina lake. DKIM ili ngati chidindo cha ofesi, chosonyeza kuti kalatayo yachokeradi kumeneko ndipo siinasinthidwe m'njira. DMARC, imene inalengezedwa mu 2012, imauza wolandira chochita ndi kalata yolephera mayeso awiriwo: kuilandira, kuiika pambali kapena kuikana. Zimenezi zikukhudzanso makalata amene inuyo mumatumiza. Kuyambira mu Febuluwale 2024, Google ndi Yahoo zinakhwimitsa malamulo, makamaka kwa otumiza makalata ochuluka, ndipo ofesi imene dzina lake lilibe SPF kapena DKIM ikhoza kumadabwa kuti makalata ake opita ku maadiresi a Gmail sakufika.

Pambuyo pake m'pamene amawerenga zam'kati. Kale ankangosaka mawu ena okayikitsa, koma otumiza anaphunzira msanga kuwalemba mokhotetsa. Mu Ogasiti 2002 katswiri wina wa makompyuta, Paul Graham, anafalitsa nkhani yotchedwa A Plan for Spam, yosonyeza kuti kompyuta ikhoza kuphunzira yokha poyerekeza mulu wa makalata abwino ndi mulu wa oipa, n'kumawerengera mwayi woti kalata yatsopano ndi ya mbali iti. Apa m'pamene makampani osefa amaposera seva ya mu ofesi imodzi. Iwo amaona makalata a makasitomala masauzande ambiri nthawi imodzi, choncho chinyengo chatsopano chikaonekera ku Johannesburg m'mawa, pofika kwa ife chimakhala chadziwika kale. Mafayilo omatidwa ku kalata amawatsegulira mu kompyuta yapadera yotsekeredwa, kuti aone ngati muli vayirasi, ndipo ena amaunikanso linki iliyonse pa nthawi imene mukuidina.

Kalata yabwino ikagwidwa

Palibe sefa yosalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kuli pawiri. Ikhoza kudutsitsa kalata yoipa, kapena kugwira yabwino. Kwa wamalonda, vuto lachiwirili ndi limene limapweteka mwakachetechete, pakuti simudziwa kuti pali kalata imene simunalandire. Taganizirani kopaletivi imene ikudikira yankho la wogula mbewu, kapena kontrakitala amene wauzidwa kuti abweretse chikalata china pasanathe masiku atatu. Wotumiza akuti anatumiza, wolandira akuti sanaone kanthu, ndipo onse awiri akunena zoona.

N'chifukwa chake kalata yokayikitsa koma yosatsimikizika siitayidwa. Imasungidwa m'khola lapadera, limene pa Chingerezi amati quarantine, kwa masiku angapo. Makampani ambiri amasunga kwa masabata awiri kapena mwezi. Tsiku lililonse wogwira ntchito amalandira mndandanda wa makalata ake ogwidwa, ndipo akhoza kumasula imene akuizindikira. Mndandandawu anthu amatopa nawo pakangotha sabata imodzi, koma ndi woyenera kuuyang'ana, makamaka m'nyengo ya matenda a boma kapena yotumiza malipoti. Dziwaninso kuti makina amenewa anaphunzitsidwa kwambiri ndi makalata a Chingerezi ndi zinenero zina zikuluzikulu, ndiponso kuti amalonda ang'onoang'ono kuno amatumizira makalata pa maseva otchipa amene amagawana ndi anthu ena ambiri. Mmodzi mwa ogawana nawo akachita zoipa, onse amadetsedwa mbiri. Kalata yochokera kwa mnzanu wa m'boma momwe muno ikhoza kugwidwa pa chifukwa chimenechi.

Mankhwala ake, ena amati, ndi kulemba maadiresi onse odziwika pa mndandanda wa ololedwa kudutsa osaunikidwa. Pamenepa mpofunika kusamala. Akaunti ya mnzanuyo ikadzabedwa, wakuba adzadutsa pa chipata chimene mwatsegula nokha.

Phindu lina, limene kwa ife kuno ndi lalikulu kuposa mmene amalitchulira otsatsa malonda ake, likukhudza magetsi. Seva ya mu ofesi ikazima chifukwa cha kuthima kwa magetsi kapena kuduka kwa intaneti, makompyuta otumiza amayesa mobwerezabwereza kwa masiku anayi kapena asanu, kenako n'kubweza kalatayo kwa mwini wake. Osefa amalandira makalatawo n'kuwasunga mpaka seva yanu itadzuka, ndipo ena amakulolani kuwawerenga pa foni m'nthawi yodikirayo.

Chinyengo chimene sefa imavutika nacho

Kalata yoopsa kwambiri kawirikawiri ilibe vayirasi, ilibe linki, ndipo Chingerezi chake n'chosalala. Imangonena kuti kampani imene mumaguleko katundu yasintha banki, chonde lipirani invoisi ya mwezi uno ku akaunti yatsopanoyi. Aliyense amene analandirapo uthenga wa pa foni wouzidwa kuti ndalama ija aitumize pa nambala ina akudziwa kale mtundu wa ukathyaliwu. Kusiyana kwake n'kwakuti pa imelo ndalama zake zimakhala za ofesi ndipo zimakhala zambiri. Bungwe la FBI la ku America linalengeza kuti m'chaka cha 2023 chokha, madandaulo amene linalandira a chinyengo cha mtunduwu anali a ndalama zokwana pafupifupi madola 2.9 biliyoni.

Ngakhale akadaulo enieni anapusitsidwapo. Pakati pa 2013 ndi 2015, munthu wina wa ku Lithuania, Evaldas Rimasauskas, analembetsa kampani ya dzina lofanana ndi Quanta Computer ya ku Taiwan, imene inkagulitsa zipangizo ku Google ndi Facebook. Anatumiza mainvoisi abodza, ndipo makampani awiriwo analipira ndalama zoposa madola 100 miliyoni. Khoti la ku New York linamulamula kukhala m'ndende zaka zisanu mu 2019.

Sefa yabwino imathandizako: imachenjeza ngati dzina la wotumiza likufanana ndi la bwana wanu koma adiresi ili ina, kapena ngati dzina la kampani lasinthidwa chilembo chimodzi. Koma wakuba akalowa mu akaunti yeniyeni ya wogulitsa katundu n'kulemba ali m'menemo, kalatayo imapambana mayeso onse. Chotchinga chake ndi lamulo la mu ofesi: kusintha kulikonse kwa akaunti ya ku banki kutsimikizidwe poimba foni pa nambala imene munali nayo kale, osati yolembedwa m'kalatayo, ndipo ndalama zisatuluke popanda anthu awiri kuvomereza.

Mtengo ndi chinsinsi

Malipiro amawerengedwa pa bokosi lililonse la imelo, pamwezi kapena pachaka, ndipo nthawi zambiri amakhala a madola. Ofesi imene inakonza bajeti yake kwacha isanatsike mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ikudziwa tanthauzo la zimenezi. Ndi bwino kufunsa ngati pali wogulitsa wa m'dziko muno wolandira makwacha, ndiponso chimene chimachitika malipiro akachedwa, chifukwa ntchito ikaimitsidwa mzere wa MX uja ukulozabe kwa iwo, makalata anu onse amasowa kolowera.

Si aliyense amene akufunika kulipira padera. Amene imelo yawo ili pa Google Workspace kapena Microsoft 365 ali nayo kale sefa yamphamvu mkati mwa mtengo umene amalipira, ndipo kwa golosale kapena kopaletivi ya antchito asanu imeneyo ndi yokwanira. Ofunika kuganizirapo mofatsa ndi amene ali ndi seva yawoyawo, amene imelo yawo inangobwera ngati basela pogula malo a webusayiti, ndiponso maofesi olipira ndalama zambiri kwa makontrakitala.

Pomaliza pali nkhani ya chinsinsi. Kalata iliyonse, kaya ndi ya malipiro a antchito kapena mndandanda wa opindula ndi Mtukula Pakhomo, imadutsa m'makompyuta a kampani ina, nthawi zambiri kunja kwa dziko lino. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linakhazikitsa nthambi yothandiza pa ngozi za pa intaneti, Malawi CERT, pansi pa bungwe la MACRA, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 linaika udindo pa aliyense wosunga mbiri za anthu, kuphatikizapo pamene mbirizo zikutumizidwa kunja. Musanasaine mgwirizano, funsani kuti makalata ogwidwa amasungidwa m'dziko liti, kwa masiku angati, ndani mwa antchito awo angathe kuwatsegula, ndiponso ngati adzafufutidwa mukadzasiya kugwira nawo ntchito. Maofesi a boma ayambe afunsa nthambi yoona za makompyuta ku khonsolo asanasinthe chilichonse pa kaundula wa dzina lawo.