Wopambana Achite Naye Chiyani Wogonja?

Lero tikambirane za mmene dziko limachirira pambuyo pa chipolowe, makamaka udindo wa atsogoleri amene anthu amawayang'ana. Chitsanzo tichitenga kwathu konkuno ku Zambia.

Akuluakulu pakati pathu akukumbukira June 1990. Boma litakweza mtengo wa unga kuposa kawiri, ophunzira a pa University of Zambia anayamba zionetsero, ndipo chipolowe chinafalikira mu Lusaka ndi m'matauni ena. Masitolo anaphwanyidwa, anthu oposa 20 anafa. Pa 30 June, msilikali Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma. Zimenezo zinatha m'maola ochepa, koma aliyense anaona kuti dziko lafika pangozi.

A Kenneth Kaunda akanatha kuumitsa mtima. M'malo mwake, mu December 1990 anasaina lamulo lolola zipani zambiri. Komabe mkangano sunathe, chifukwa chipani cha MMD chinakana malamulo atsopano a dziko amene boma linakonza, ndipo chinaopseza kuti sichilowa masankho. Apa mipingo inalowererapo. Mu July 1991 atsogoleri a mipingo anakhazika pamodzi a Kaunda ndi a Frederick Chiluba m'tchalitchi chachikulu cha Anglican, Cathedral of the Holy Cross ku Lusaka. Anagwirizana zokonzanso malamulowo, masankho anachitika pa 31 October 1991, a Chiluba anapambana, ndipo a Kaunda anavomera kugonja natula pansi udindo mwamtendere. MMD inatenga mipando 125 mwa 150 ya ku nyumba ya malamulo. UNIP inatsala ndi 25, ndipo yambiri mwa iyo inali ya kuno ku chigawo cha Kum'mawa. Choncho ambiri mwa makolo athu analawa kuwawa kogonja pamasankho.

Nkhaniyi ikanathera pamenepo, bwenzi tikungoombera m'manja. Koma mu 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti wofuna upulezidenti akhale woti makolo ake onse ndi obadwira mu Zambia. Makolo a a Kaunda anachokera ku Malawi, motero khomo linawatsekera, ndipo UNIP inakana kulowa masankho a chaka chimenecho. Asilikali ena atayesanso kulanda boma mu October 1997, a Kaunda anamangidwa pa tsiku la Khrisimasi natsekeredwa ku ndende ya Mukobeko ku Kabwe. Milanduyo inachotsedwa mu 1998. Apa tikuona kuti chilonda chimene chinamangidwa m'tchalitchi chinatha kutukusira patapita zaka zochepa chabe.

Baibulo nalo silibisa zotere. Pa 2 Samueli 16, Davide akuthawa mwana wake Abisalomu, munthu wa fuko la Sauli dzina lake Simei anamutukwana ndi kumuponya miyala. Nkhondo itatha, pa mutu 19, Simei anabwera kudzapepesa. Abisai anafuna kuti aphedwe, koma Davide anakana, nalumbira kuti Simei sadzafa. Davide anadziwa kuti mfumu yobwerera pampando ndi lupanga lobwezera imagawanso anthu amene ikufuna kuwasonkhanitsa. Koma tikawerenga 1 Mafumu 2, timapeza Davide ali pafupi kufa akukumbutsa Solomoni za matemberero a Simei, ndipo pamapeto pake Simei anaphedwa. Davide anakhululuka pakamwa tsiku lija, koma chakukhosi anachisunga mpaka ukalamba.

Phunziro lake ndi ili: kugonja mwaulemu n'kovuta, koma udindo waukulu uli pa wopambana, chifukwa ndiye ali ndi apolisi, ndende ndi mphamvu yosintha malamulo. Kukhululuka sikutanthauza kuti wopha munthu kapena wotentha nyumba asaweruzidwe. Mlandu uweruzidwe ndi khoti, mwachilungamo, kwa wa chipani chilichonse. Chimene chimawononga dziko ndi kugwiritsa ntchito lamulo ngati chikwapu chomenyera mdani wa pandale.

Musaganize kuti izi n'za a ku Lusaka okha. Nafenso m'midzi timapambana ndi kugonja. Mfumu ya mudzi kapena wapampando wa kopaletivu akamalemba maina a olandira feteleza, nasiya mayi wamasiye chifukwa anavala chitenje cha chipani china, wachita zomwe Abisai anafuna. Mkulu wa mpingo akamagwiritsa ntchito guwa ponyoza amene anavotera kwina, wagawa nkhosa zimene anapatsidwa kuti aziwete. Makolo anati chibale ndi fupa, sichiola. Masankho amabwera pa zaka zisanu zilizonse, koma amene adzakumba manda a mwana wanu ndi mnansi yemweyo amene munasiyana naye pa voti.

Sabata ino, ganizirani munthu mmodzi amene munaleka kumupatsa moni chifukwa cha ndale. Pitani mukamuone. Ngati mbali yanu ndiyo inapambana, yambani ndinu.

Tipemphere. Mulungu Atate, patsani atsogoleri athu mtima wosabwezera, tonthozani mabanja amene anataya abale awo m'zipolowe, ndipo chotsani chakukhosi chimene tabisa m'mitima mwathu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.